Sorb ikatha yatha, tayani basi

Ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka lapitali tili m'boti tikukonzekera kulowa m'madzi, mkulu wina amene wakhala akudaiva ndi rebreather (makina opumira pansi pa madzi) kwa zaka zambiri anatsegula scrubber yake, kachitini koyeretsa mpweya, pamaso pa tonse. Anataya pang'ono sorb yapamwamba, timibulu toyamwa carbon dioxide, n'kuvundula yotsalayo ndi zala, n'kuthira yatsopano pamwamba, n'kumenyamenya m'mbali, n'kutseka. Mnyamata wina amene wangophunzira kumene anafunsa mwaulemu ndithu kuti, "Achimwene, imeneyi si ija munalowa nayo dzulo kawiri?" Mkuluyo anangoseka. "Mphwanga, makina awa ndimawadziwa ine. Ikayamba kutha ndimamva m'thupi."

Mumamva chiyani, akuluakulu? Mumamva ndi chiyani? Mawu amenewa ndi amene andisowetsa tulo, chifukwa ndi bodza, ndipo ndi bodza lopha anthu. Carbon dioxide simungamudalire kuti akuchenjezani. Alibe fungo, alibe mtundu, ndipo choyamba chimene amagwira ndi ubongo womwewo umene mukuti muganiza nawo. Tsoka silinunkha.

Kwa amene simudziwa makinawa: rebreather sitaya mpweya umene munthu wapuma. Mpweyawo umazungulira m'mapaipi, umadutsa mu scrubber, kachitini kodzaza timibulu ta soda lime timene odaiva timangoti sorb. Timibuluto timagwira carbon dioxide, makina amawonjezera okosijeni, mpweya womwewo n'kubwereranso m'kamwa mwanu. Kutanthauza kuti pakati pa mapapo anu ndi utsi wa m'thupi mwanu momwe pali timibulu timeneto tokha. Tikatopa, zimene mwatulutsa mumazimezanso. Ndiye taonani mmene makinawa anapangidwira. Okosijeni ali ndi alonda, kawirikawiri ma cell atatu omuyeza, manambala ali pamkono, nyali ikuthwanima pamaso, alamu ikulira. Carbon dioxide m'makina ambiri alibe mlonda ngakhale mmodzi. Kompyuta yanu ikhoza kumaonetsa 1.3 bwinobwino, nambala yosonyeza kuti okosijeni ali bwino, zonse zobiriwira, inu mukukomoka. Manambala okongolawo ndi amene amagoneka anthu tulo.

Ena ayankha kuti makina awo ali ndi temp stick. Inde, koma kandodo kameneko kamayeza kutentha kwa sorb pamene ikugwira ntchito, sikayeza carbon dioxide. Mpweya ukapeza njira yolambalala chifukwa O-ring, kamphira kotseka mipata, yatsala pathebulo, kapena chifukwa munathira sorb mothamanga n'kusiya mphako, kandodoko kadzakuuzani kuti zonse zili bwino. Sorb yosintha mtundu nayonso musaikhulupirire, mtunduwo umabwerera mwakale ikakhalitsa. Ndipo kusakaniza yakale ndi yatsopano, monga anachitira mkulu uja, ndiye kutsegula msewu weniweni, chifukwa timibulu takufa tikandandalikana mpweya umadutsa pomwepo osagwidwa. Palibe wopanga makina amene amalola zimenezo. Palibe.

Tibwerere pa "ndimamva" paja. Mu 2015 ofufuza a ku Auckland, pakati pawo Simon Mitchell, anayesa nkhani yomweyi. Anthu ankapuma pa rebreather kwa mphindi 5, monga timachitira tisanalowe m'madzi, osadziwa mmene scrubber ilili mkati. Scrubber itachotsedwa yonse, kachitini kopanda kanthu, anthu 5 mwa 20 sanazindikire chilichonse. Itasiyidwa yodontha pang'ono, anthu 18 mwa 20 anamaliza mphindi zonse 5 osaona vuto. Amenewa anali pamtunda, atakhala phee, akudziwa kuti akuyesedwa, akudikira dala kuti amve kanthu. Nanga inu muli pa mamita 40, mukulimbana ndi mafunde apansi, maso ali pa kamera, mukuti mumva? Mumva liti?

Ndipo mukamva, nthawi zambiri zimakhala zitafika kale patali. Mutu umayamba kugunda, mpweya umaperewera ngati wina wakukhalani pachifuwa, mantha opanda chifukwa amakugwirani, maganizo amasokonezeka. Ena sapatsidwa ngakhale zizindikiro zimenezo, amangozima. Chopweteka kwambiri ndi ichi: munthu amene wagwidwa ndi carbon dioxide amapuma mothamanga moti kuchotsa chopumira m'kamwa kwa masekondi awiri okha kuti alume regulator ya bailout, chopumira cha silinda yothawirako makina akavuta, kumamukanika. Silinda ili pambali pake, yodzaza, dzanja lili pomwepo, koma thupi likukana kusiya kupuma ngakhale kamphindi. N'chifukwa chake kunabwera BOV, valavu ya pachopumira yongotembenuza n'kuyamba kupuma mpweya wa bailout osachotsa kanthu m'kamwa. Komabe ngakhale BOV imafuna munthu amene mutu wake ukugwirabe ntchito. Carbon dioxide amaledzeretsa kuposa nitrogen, amatsegulanso mitsempha ya mu ubongo kuti okosijeni wambiri afike kumeneko, ndiye ngozi yogwa khunyu m'madzi imakwera. Mukuseweretsa chinthu chimenechi pofuna kupulumutsa sorb yodzaza manja awiri?

Zifukwa zake n'zodziwika, kuumira, ulesi, kuthamangira boti. Sindikufuna kutayapo nthawi. Chimene ndikulimbana nacho ndi kuzolowera. Munthu amapitirira nthawi ya scrubber ndi mphindi 20, amatuluka wamoyo. Ulendo wotsatira amawonjezera zina, amatulukanso wamoyo. Pakutha pa chaka wadzipangira lamulo lakelake, ndipo akulitcha luso. Si luso limenelo. Kutuluka wamoyo sikutsimikizira kuti munachita bwino, kumangosonyeza kuti tsiku limenelo madzi anali ofunda, simunapite pansi kwambiri, ndipo simunagwire ntchito yolemetsa. Nthawi imene opanga makina amalemba siichokera m'mutu mwawo. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 14143 umayesa scrubber m'madzi ozizira a madigiri 4, pa mamita 40, carbon dioxide akuthiridwa malita 1.6 pa mphindi. Anthu amati muyezowo ndi wokhwima kwambiri, palibe amene amapuma chotero ulendo wonse. Zoona. Koma malire amenewo anawasiyira tsiku loipa, tsiku limene mnzanu wakomoka ndipo mukumukoka, tsiku limene nangula wakodwa, tsiku limene madzi akukokerani kutali ndi boti. Inu mukudya malirewo pa masiku abwino, ndiye tsiku loipalo likadzafika mudzapeza mulibe kanthu. Scrubber imene imaoneka yamoyo mukuyandama mwakachetechete imatha kulephera nthawi yomweyo mukangoyamba kupalasa mwamphamvu.

Ndiponso musaganize kuti sorb yatsopano ndiye chitetezo chonse. Tivalavu tiwiri ta m'chopumira, timene timakakamiza mpweya kuyenda mbali imodzi, kamodzi kakapindika kapena kung'ambika mpweya umangopita n'kubwerera osafika n'komwe ku scrubber. Kutiyesa kumatenga masekondi ochepa, kutseka mbali imodzi ndi chikhatho, kupuma, kutseka inayo, kupumanso. Ndi angati amene amachita zimenezi ulendo uliwonse? Komanso thupi lenilenilo limatha kusunga carbon dioxide ngakhale makina ali bwino. Mukamapita pansi mpweya umalemera, mapapo amavutika kuukankha. Ofufuza Gavin Anthony ndi Simon Mitchell analangiza kuti kulemera kwa mpweya kusapitirire magalamu 5.2 pa lita, ndipo 6.2 ndiye malire otsiriza. Koma pali anthu amene amatsika mozama ndi diluent (mpweya wosungunulira okosijeni m'makina) yopanda helium, amene amapepukitsa mpweya, chifukwa choti dzana zinayenda.

Pa 8 January 2005, Dave Shaw anafera ku Bushman's Hole, phanga lodzaza madzi ku South Africa, pa mamita pafupifupi 270, akuyesa kutulutsa mtembo wa Deon Dreyer amene anatsalira kumeneko mu 1994. Sanali wophunzira. Anali woyendetsa ndege, munthu wozolowera kutsata ndondomeko, ndipo anali atafikapo kale pansi pomwepo. Kamera ya pachisoti chake inajambula zonse. Madokotala amene anaunika imfa yake anapeza kuti ntchito imene ankagwira pansipo, pamodzi ndi kulemera kwa mpweya, zinachititsa kuti carbon dioxide achuluke m'thupi mpaka anakomoka. Ngati munthu wokonzekera chotero anagonja, inu wovundula sorb ndi zala m'boti mukudalira chiyani? Wofufuza Andrew Fock atawerenga imfa 181 za odaiva ndi rebreather pakati pa 1998 ndi 2010 anapeza kuti ngozi ya imfa ndi yokwera kangapo kuposa ya masilinda wamba. Ena mwa anthu amenewo nawonso ankawadziwa makina awo.

Choncho ndikubwereza, ndipo ndibwerezabe mpaka mutope nane. Nthawi ya scrubber ikakwana, tayani sorb yonse. Mwaiwala kuti mwaigwiritsa ntchito maola angati, tayani. Madzi analowamo, tayani. Mukukayika ngati O-ring munaibwezera, tsegulaninso muone ndi maso, boti lidikire. Lembani maola pa tepi n'kumata pachitini, musadalire kukumbukira. Tulutsani mndandanda wanu wolembedwa n'kuutsata mzere ndi mzere, ngakhale mwaumanga makinawo kambirimbiri. Thupi lanu si chida choyezera mpweya. Zaka zanu m'madzi siziyamwa carbon dioxide.

Chimene chinandiwawa kwambiri tsiku limenelo n'choti mnyamata uja anangoti zii, n'kuyang'ana pansi ngati iye ndi amene walakwa. Ine ndinalankhula, mkuluyo anandiyankha kuti aliyense ayang'ane makina ake. Ayi, akulu. Mukakomoka pansi apo si inu amene mudzadzitulutse. Ndi mnzanu amene adzathamange kukwera nanu, kudumpha malo oima pokwera kuti nitrogen achoke m'thupi, n'kudzivulaza yekha chifukwa cha kuumira kwanu. Ndipo mwana amene anakuonererani uja mwamuphunzitsa kuti akatswiri amachita chonchi.

Nanga za bailout ndinene? Anthu akunyamula kasilinda kakang'ono, powerengera mpweya ngati adzakhala akupuma modekha monga pa tsiku labwino. Munthu wothawa carbon dioxide sapuma modekha. Amameza mpweya kangapo kuposa nthawi zonse, ndipo kupumako sikutsika msanga ngakhale wachoka pa makina, kumatenga mphindi zingapo, mutu ukuwawabe, manja akunjenjemera. Kasilinda kanu kameneko katha musanafike n'komwe pa malo oyamba oima. Ena regulator ya bailout anaipanikiza ndi malamba moti kuisolola mpaka manja awiri. Ena sanayeserepo kuchoka pa makina chiphunzirireni, satifiketi ili m'thumba basi. Ndipo aphunzitsi ena mukuwasainira anthu oterewa.