Inu onamiza manesi kuti "ambuya anagwa kubafa"

Lachiwiri lapitali ndinali pamzere kuchipatala kudikira mankhwala anga a BP, pamene inalowa wilibala. M'menemo munali ambuya ena a m'komboni mwathu muno mu Kanyama ku Lusaka, owuma ngati nkhuni, mkono wotupa, msana zilonda zokhazokha. Nesi kufunsa chachitika, mdzukulu osaphethira n'komwe: "Anagwa kubafa."

Bafa lake liti losiya mikwingwirima ya lamba? Bafa liti lomanga munthu chingwe m'manja?

Mumayesa manesi ndi ana? Bala ladzulo ndi la mwezi watha amalisiyanitsa. Zilonda za kugonera mbali imodzi pamphasa yonyowa amazidziwa ndi fungo lomwe. Tsiku lomwelo anaitana a social welfare, nkhani inafika ku Victim Support Unit ya apolisi, ndipo a komiti ya zaumoyo ya m'dera anapita kukaona komwe ambuyawo amagona. Loko kunja, chidebe mkati, zenera lokhomedwa ndi lata. Achibale m'malo mogwetsa nkhope, ati tiwatulutse m'wodi tikayese kwa sing'anga. Kukayesa chiyani? Njala imafuna sing'anga?

Ndipo si nyumba imodzi ayi. Khadi lakubanki la penshoni ya NAPSA lili m'thumba la mwana, eni ake akumwa tiyi wopanda shuga. Ndalama za boma zothandizira osauka za Social Cash Transfer zikangolowa, foni mwalanda, zathera ku kachasu ndi kubetcha mpira. Mapepala a nyumba mwabisa kale, mwini wake akupumabe! Ena mumakatula makolo anu okalamba ku chipatala chachikulu cha UTH, n'kusiya nambala ya foni yabodza, n'kuthawa ngati mwataya zinyalala ku Chunga. Kenaka anthu achilendo azivutika kuwafunira malo ku Matero After Care Centre, kosungirako osowa pokhala, chikhalirecho anabala ana asanu ndi awiri.

Chondinyansa koposa ndi ichi cha ufiti. Nkhalamba ikayamba kuiwala, n'kutuluka usiku osavala, n'kusochera, m'mawa komboni yonse yadzuka: "Yagwa mfiti!" Miyala m'manja, mafoni m'mwamba, madzulo ali pa Facebook. Matenda a kuiwala ndi a kuchipatala, ku chipatala cha Chainama madokotala ake alipo. Ndipo kutchula munthu mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la Witchcraft Act, kaya mukudziwa kaya simukudziwa. Tsiku lina mwalawo udzapha, mudzakafotokozera kukhoti.

Anansi musaseke. Kulira kwa ambuya aja tinkakumva tonse, inenso ndemwe, manyazi andigwira polemba pano. Tinkati ndi za m'nyumba ya eni. A komiti amadutsa pakhomo pathu, polisi posti ili pafupi, kiliniki ili pafupi, koma mpaka wilibala ndiyo ikanene?

A social welfare akabwera kudzafunsa, tsegulani chitseko ndipo munene zoona. Za kubafa zija musabwerezenso. Chitani manyazi!