Wamatsenga wa mu D&D alibe mphunzitsi, ndipo zimandinyansa

Anzanga osewera Dungeons & Dragons, ndili ndi dandaulo. Inu amene mwadzidzimuka kale, mtima m'malo: awa ndi masewera a pa tebulo, mapepala, pensulo ndi madayisi, anthu n'kumapeka nthano limodzi. Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa mu 1974 ku America.

Dandaulo langa ndi momwe matsenga a mwambo amaphunziridwira. M'malamulo a 2014, matsenga ena ali ndi chizindikiro chakuti ndi a mwambo. Ukawachita mwa njira imeneyi umawonjezera mphindi 10, koma suwononga mphamvu zako zowerengeka za tsikulo. Apa palibe vuto. Koma tawonani kuphunzira kwake. Wamatsenga akapeza buku kapena mpukutu, amakopera m'buku lake: maola awiri ndi ndalama zagolide 50 pa levulo iliyonse ya matsengawo. Basi. Wosewera amafufuta 50 pa pepala, DM, yemwe ndi woyendetsa masewerawo, n'kunena kuti kwacha, munthu wadziwa. Akakwera levulo amapatsidwanso awiri aulere, osafunsa aliyense. Mu kope la 2008 zinali chimodzimodzi: gula mwambo, werenga maola 8, watha.

Chikundipweteka n'chakuti miyamboyo payokha ndi yokoma. Tengani Find Familiar. Umafuna mbaula yamkuwa, makala, lubani ndi zitsamba za ndalama zagolide 10, n'kuzitentha kwa ola lathunthu mpaka mzimu ubwere ngati kadzidzi, mphaka kapena khoswe. Identify, yozindikirira zinthu zamatsenga, imafuna ngale ya ndalama 100 ndi nthenga ya kadzidzi. Ndiye ndiuzeni, wamatsengayo anamusonyeza ndani kuti lubani amathira nthawi yanji? Anamukalipira ndani atazimitsa moto mwambo uli pakati? Aliyense amene anaphunzirapo ukalipentala akudziwa kuti umayamba ndi kusesa zipalo ndi kugwirira matabwa a bwana, randa umadzaigwira mochedwa, ndipo bwanayo sumuiwala, kaya unkamukonda kaya ayi. Wamatsenga wa mu D&D alibe bwana, alibe ngongole kwa munthu. Ali ndi lisiti chabe.

Masewera ena anaganiza bwino. Mu Ars Magica, imene inatuluka mu 1987, mwana amakhala zaka 15 pansi pa mphunzitsi asanatchedwe wamatsenga, ndipo nthawi yophunzira imawerengedwa m'nyengo za chaka, osati maola. Mwambo umadya vis, mphamvu yosowa imene amatsenga amalimbirana. Mu Call of Cthulhu ya 1981, buku umaliwerenga masabata ambiri ndipo misala imakuyandikira pamene ukulimvetsa. Pathfinder ya 2019 imati miyambo yambiri imafuna othandizira, aliyense kuponya dayisi yake, ndipo wina akalephera amakulemetsera ntchito. Imeneyi ndimaikonda kwambiri chifukwa wankhondo uja amene amangoyasamula wamatsenga akamayankhula, naye amapeza chochita.

Ndikudziwa ena munena kuti timakumana kamodzi pa sabata, nthawi ndi yochepa, sitingathe madzulo onse tikuwonerera munthu mmodzi ali pa sukulu. Zoona. Komanso malamulo ophweka ndi amene amakopa anthu atsopano, sinditsutsa. Sindikupempha kuti Alarm kapena Detect Magic zikhale ndi mayeso. Tating'ono timeneti tisiyeni.

Koma mwambo waukulu, a DM, uikireni munthu pakhomo. Mtengo wa 50 uja ukhalepo, kungoti inki yake imapezeka kwa gogo mmodzi yekha m'tauni, ndipo gogoyo ndalama sazifuna, akufuna mumubwezere mdzukulu wake amene anatengedwa ndi achifwamba. Kapena mpukutuwo ukhale wong'ambika, theka linalo lili kwa mdani. Lamulo lilipo kale loti pokopera mpukutu umaponya dayisi ya Arcana, yoyesa luso lako pa zamatsenga, ndipo mpukutuwo umawonongeka kaya wapambana kaya walephera. Ma DM ambiri amalidumpha chifukwa cha chisoni. Musalidumphe. Wosewera aponye dayisiyo anzake onse akuwona, ndipo ikagwa pa nambala yochepa ngati 3, abwerere kwa gogo uja akapemphe mwaulemu.