Tikupha njuchi, kenako tikudabwa maungu

Lero m'mawa ndapsa mtima, ndipo mpaka pano sunaphwe. Bambo oyandikana nawo dimba apopera mankhwala dzuwa litangotuluka, nthawi imene maluwa a maungu ali yasaa, njuchi zili piringupiringu m'kati. Nditasuzumira duwa limodzi ndapeza njuchi zitatu zitafera momwemo, miyendo ili mbuu ndi mungu. Bemberezi wamkulu amangozungulira pansi, kuuluka kwakanika. Ndawafunsa kuti, "Bambo, bwanji osadikira madzulo?" Iwo akuti, "Aaa amayi, tizilombo ndi tizilombo basi."

Ayi! Njuchi si mbozi! Dzungu lili ndi duwa lalimuna ndi duwa lalikazi, ndipo mungu suyenda wokha ngati wa chimanga umene umauluzika ndi mphepo. Popanda wounyamula, kadzungu kamafota n'kuthothoka. Ndiye mwapha waganyu wokugwirirani ntchito ulele, mawa muziti nthaka yaguga kapena wina wakulodzani? Mwadzilodza nokha. Mukupha amene akukudyetsani.

Ndipo sindikunena za njuchi za m'ming'oma zokha. Zambiri zilibe mwini: zina zimakhala m'mphako, zina zimakumba pansi, bemberezi amaboola mtengo wouma. Mitengo tawotcha makala, tchire timatentha chaka ndi chaka posaka mbewa, malire a minda talima mpaka kumapeto. Tikufuna zikagone kuti? Chilimwe chonse zikadye chiyani?

Ku Mzimba ofufuza ankawerenga njuchi m'minda ya nandolo ndi maungu, mogwirizana ndi alimi a bungwe la SFHC la ku Ekwendeni, loona za nthaka, chakudya ndi umoyo wa anthu. Anthu ophunzira kuchita kugwada m'munda kuwerenga kachilombo kamodzikamodzi, ife n'kumapha mazana mphindi zochepa ndi pampu yakumsana! Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Inde, chibwerereni ntchemberezandonda cha m'ma 2017 aliyense anazolowera kupopera. Koma njuchi yalakwa chiyani? Duwa la dzungu limatseka dzuwa likakwera, poperani madzulo, kodi n'zovuta?

Nanga awa ogulitsa mankhwala pamsika m'timabotolo topanda dzina, pafupi ndi tomato ndi usipa? Muwafunse mlingo wake, angokuuzani kuti "thirani wambiri kuti zife msanga." Ndani akuwaona amenewa?