Inu a ku Michigan, chindapusa chanu cha basi ya sukulu n'chochepa

Lachisanu lapitali ndinawoloka Ambassador Bridge kuchoka kuno ku Windsor, Canada, kukaona alamu anga mbali ya Detroit ku Michigan, ndipo zimene ndinaona masana ake zikundiwirabe mumtima. Basi yachikasu ya sukulu inaima kutsogolo kwathu, magetsi ofiira akuthwanima, chikwangwani cha STOP chitatambasuka. Ife tinaima. Koma galimoto ina yochokera kumbuyo kwathu inangokhota n'kudutsa chamafuwamafuwa m'mbali mwa basiyo, kamtsikana ka chikwama kumsana katangoponda kumene phula. Kanadumphira m'mbuyo chifukwa dalaivala wa basi analiza huta. Miyendo yanga inachita kuzizira.

Alamuwo anati, "Mtima pansi alamu, ameneyo akagwidwa alipira." Nditafunsa kuti zingati, yankho lake ndi limene landilembetsa izi. Ku Michigan mlanduwu ndi wa madola 100 mpaka 500 ndi mapointi 3 a chilango pa laisensi. Madola 100! Ndalama imene munthu amasiya pa sitolo Loweruka limodzi pogula ndiwo ndi mafuta ophikira, ndiye mukuti ingaopseze munthu wothamangira ku shifiti?

Kuno ku Ontario ukangolakwa koyamba ndi madola 400 mpaka 2,000 ndi mapointi 6. Ukabwereza zaka 5 zisanathe ndi 1,000 mpaka 4,000, ndipo ukhoza kukagona kundende mpaka miyezi 6. Ndikudziwa kuti dola yathu ndi yopepuka poyerekeza ndi yanu, koma ngakhale mutaisintha bwanji, sizifanana. Wa laisensi ya G2, ya madalaivala atsopano, imene ambiri a ife obwera kumene timayambira, amamuimitsa kuyendetsa masiku 30. Za inshuwalansi ndiye osanena, imakwera mpaka munthu kulakalaka kugulitsa galimoto. China chimene ndimachikonda n'chakuti dalaivala wa basi akalemba nambala ya galimoto, mwini wake akhoza kulipitsidwa ngakhale kuti sanali pa chiwongolero. Zakuti "anabwereka msuweni wanga" sizikupulumutsa. N'chifukwa chake kuno magetsi ofiira akangoyaka, msewu wonse umachita zii ngati pamaliro.

Onaninso mtunda. Lamulo lanu limati uime mafiti 20 kuchokera pa basi, omwe ndi mamita 6 okha. Lathu limati ukakhala kumbuyo kwa basi uime mamita 20. Nambala imodzi, koma mwana wa kuno ali ndi malo oonekera ochuluka katatu.

Chilungamo chake, pena munatiposa. Mabasi anu akhala ndi magetsi achikasu ochenjeza kuyambira kalekale, pamene Ontario inadikira mpaka 2022 kuti iwaike. Kale kuno basi inkayatsa ofiira okhaokha isanaime, ndipo madalaivala ankasokonezeka ngati aime kapena apitirire. Zimenezo zinali zochititsa manyazi. Ndimayamikiranso kuti khoti la ku Michigan likhoza kulamula wolakwa kukagwira ntchito yaulere pa sukulu mpaka maola 100. Munthu wotero akakhala pakati pa ana omwe akanawagunda, mwina mtima ungamugunde kuposa kungolipira pa intaneti. Komanso si Canada yense amene ali wolimba pa ndalama: ku Quebec ndi madola 200 mpaka 300 basi, kungoti mapointi ake ndi 9. Amene amatiposa tonse ndi a ku Prince Edward Island, komwe amakulanda laisensi miyezi 3 ndipo chindapusa chimafika madola 5,000.

Koma kuvomereza zimenezi sikundichotsa mkwiyo. Vuto la mbali yanu n'lakuti lamulo limaluma pokhapokha mwana atagwa kale. Ukapha munthu pamenepo, inde, ku Michigan ndi zaka mpaka 15 m'ndende. Nanga amene wamuphonya ndi sitepe imodzi? Ameneyo amapita kwawo kukadya mgonero, mawa n'kubwereza. Abale athu ambiri okhala ku South Bend akukumbukira za ku Rochester, Indiana, pa 30 Okutobala 2018, pomwe ana atatu a mimba imodzi, mapasa a zaka 6 ndi mlongo wawo wa zaka 9, anagundidwa n'kumwalira akuwoloka msewu m'mamawa kuti akakwere basi. Indiana inakhwimitsa lamulo mu 2019, maliro atachitika kale. Kodi Michigan ikudikira zomwezo?

Tonse tinakulira koyenda wapansi kupita ku sukulu, m'mphepete mwa msewu, maso ali tcheru pa minibasi. Titafika kuno tinapeza basi imene imaimitsa msewu wonse chifukwa cha mwana mmodzi, ndipo ine ndinaikonda kuyambira tsiku loyamba. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona wina akuipeputsa. Ndisanabwerere ndinawapempha alamu kuti aziperekeza mwana wawo mpaka pa chitseko cha basi m'mawa uliwonse, ngakhale atachedwa ku ntchito. Mwanayo ali ndi zaka 6, ndipo basi yake imaima tsidya lina la msewu.