Ku Mandimba n'pafupi, koma lamulo lawo latisiya kutali

Mwana wa mlamu wanga ku Namwera, wa zaka 15, anagwiriridwa ndi bambo wina pochokera ku mjigo. Anamuopseza, mwanayo n'kukhala chete. Mayi ake anadzazindikira ataona kuti yunifolomu yasiya kumukwana, siketi akuigwiriza ndi phini. Kuchipatala anamuyeza n'kuwauza kuti, "Mayi, mwanayu ayambe sikelo." Basi, zathera pomwepo. Mwana wa Sitandade 7 akakhale pa benchi ya amayi oyembekezera, chiphaso cha sikelo m'manja.

Chimene chikundiwotcha mtima n'chakuti kuchoka ku Namwera kukafika pachipata cha Chiponde ndi ulendo wa njinga yamoto. Ukangodutsa ndiye kuti uli ku Mandimba, m'dziko la Mozambique. Anthu ake ndi omwewa, Chiyao chomwechi, misikiti yomweyi, ena ndi achibale athu enieni. Koma Mozambique inasintha malamulo ake mu 2014, ndipo mayi kapena mtsikana amene watenga pathupi chifukwa chogwiriridwa amaloledwa kuchotsa kuchipatala mpaka masabata 16. Palibe amene amamukakamiza. Wofuna kubereka amabereka. Koma amafunsidwa, ndipo yankho lake lamulo limalilemekeza.

Ife kuno tikadali ndi malamulo amene atsamunda anatisiyira mu 1930. Wochotsa pathupi pake atha kukakhala kundende zaka 7, womuthandiza zaka 14, pokhapokha ngati moyo wa mayiyo uli pachiswe. Mu 2021 aphungu athu anakana ngakhale kukambirana bilu yofuna kusintha zimenezi. Kukambirana chabe! Anaopa mavoti, anaopa akuluakulu a mipingo, koma mwana ngati uyu sanamuganizire. Zoona, mu 2025 Khothi Lalikulu linagamula kuti kumana mwana wogwiriridwa thandizo lochotsa pathupi kuchipatala n'kumuphwanyira ufulu wake. Chigamulo chabwino zedi. Nanga chafika m'zipatala zathu za kumudzi? Namwino amene akuopa ndende sangadalire zimene anangomva pa wailesi.

Ndipo tisanamizane kuti chifukwa lamulo likukaniza ndiye kuti atsikana sakuchotsa. Akuchotsa ndithu, ndi zitsamba za kwa sing'anga, ndi mtengo wa chinangwa, n'kufika kuchipatala usiku magazi ali chuchuchu. Ofufuza anapeza kuti mu 2015 mokha pathupi pafupifupi 141,000 panachotsedwa m'Malawi muno. Ine ndine munthu wopemphera, ndipo moyo ndimaulemekeza. Wa mwana wa zaka 15 uja nawonso ndi moyo.

Sindikunena kuti ku Mozambique n'kumwamba ayi. Pa zina Malawi wathu ali bwino, ndipo ndimanyadira. Tili ndi Victim Support Unit kupolisi, kumene mayi atha kufotokoza nkhani yake pambali, osati pa kauntala anthu akumvetsera. M'zipatala zikuluzikulu muli Chikwanekwane, malo amodzi pomwe adokotala, apolisi ndi alangizi amakuthandizira limodzi. Nambala ya 116 ndi yaulere, mwana atha kuimba yekha. Wogwiririra lamulo lathu limalola kuti akaseweze moyo wake wonse kundende. Achibale anga a kutsidya amadandaula kuti kwawo kuti nkhani iyende kuofesi uyambe walankhula Chipwitikizi, ndipo gogo wakumudzi amangobwerera. Ku Tanzania nako pankhani ya pathupiyi ali ngati ife. Zambia ndiye inafewetsa lamulo lake kalekale, mu 1972.

Koma thandizo lathu labwinoli limagwira ntchito kwa amene wathamanga. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amafuna ayambidwe pasanathe maola 72. Mapiritsi oletsa kutenga pathupi nawo ndi a masiku oyambirira omwewo. Ndiye amayi anzanga, azakhali, ankolo, zikachitika thamangirani kuchipatala kaye, mwana asanasambe, zovala musachape, muzikulunge papepala. Zopita kwa amfumu kukakambirana za mbuzi kapena ndalama zopepesera zisiyeni. Uwu ndi mlandu wa boma, si wa pabwalo la mfumu, ndipo kumukwatitsa mwanayo kwa womugwiririrayo ndi mlandu winanso, poti ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa.

Vuto n'lakuti ana ambiri sathamanga. Amaopa, amachita manyazi, ena sadziwa n'komwe chimene chikuchitika m'thupi mwawo mpaka miyezi iwiri itadutsa. Mwana wotereyu ku Mandimba akadali ndi khomo lotsegula, pomwe ku Namwera amangouzidwa tsiku lodzabweranso kusikelo. Aphungu a kuno ku Mangochi, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, tiuzeni poyera maganizo anu pa bilu ija, ndipo mutiuzenso kuti idzabwerera liti m'Nyumba ya Malamulo.