Mombo ukafiira musadikire Okutobala

Ambirife ulendo wokaona malo timausungira Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndipo tonse timathamangira kunyanja. Maganizo anga ndi oti tikutaya nyengo yokongola kwambiri m'nkhalango zathu, yomwe imayamba kumapeto kwa Ogasiti mpaka pakati pa Seputembala. Okutobala akamafika zimakhala zitatha.

Mitengo ya mombo, tsamba ndi mchenga imayoyola masamba m'chilimwe, kenako n'kuphukira mvula isanagwe ngakhale dontho. Masamba anthetewo satuluka obiriwira ayi. Amatuluka ofiira psuu, ena ofiirira, ena achikasu, chifukwa utoto wobiriwira umakhala usanakhwime ndipo wofiirawo umateteza tsamba ku dzuwa. Pamtengo umodzi zimatenga sabata ziwiri kapena zitatu basi. Ku Zimbabwe mtengo wina wa gulu lomweli amautcha musasa ndipo amaunyadira zedi, pomwe ife timangouonera makala.

Msewu womwe ndingakulozereni ndi M18, kuchoka ku Kasungu kupita ku Nkhotakota, chifukwa umadutsa m'kati mwa nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Nkhalangoyi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800 ndipo bungwe la African Parks lakhala likuiyang'anira kuyambira 2015. Muli zitunda ndi zigwa, mitengo yokhayokha mpaka pomwe maso alekezera. Thirani mafuta okwanira pa Kasungu. Lowani m'nkhalangomo dzuwa likungotuluka, isanakwane 9 koloko, poti masana utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba mapiri, zithunzi n'kutuluka zotuwa. Tsekani mawindo chifukwa muli akashembe, ndipo amakopeka ndi zovala zakuda komanso zabuluu. Musatsike m'galimoto mwachisawawa: mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500. Mukaipeza pamsewu imani patali, osaimba hutala, idutse yokha.

Mukatulukira pa Nkhotakota, chonde musaitanitse tchipisi. Idyani kondowole ndi nsomba ya m'nyanja yomweyo. Kondowole wabwino amanyulirika osaduka msanga, ndipo fungo lake la chinangwa chovikidwa lisakuopseni, ndi mmene amakhalira.

Kwa a ku Lilongwe amene ali ndi tsiku limodzi lokha, pali msewu wa Khwekhwerere, wopatuka pa M1 mukapitirira Dedza n'kutsetserekera ku Golomoti. Malo ena mitengo inatha ndi nkhwangwa, zomvetsa chisoni, koma m'malo otsetsereka ikadalipo, ndipo chigwa chonse cha kunyanja mumachiona pansi panu. Apa vuto ndi mabuleki. Madalaivala ambiri amatsika atapondereza buleki njira yonse, mapadi n'kutentha, kununkha, kenako phazi limangolowa galimoto osaima. Ikani giya 2, injini izigwira galimoto, buleki muzingogunda pang'onopang'ono musanalowe pakona. Pobwerera chokwera yang'anirani muvi wa kutentha kwa injini, ndipo mukhale ndi malita 5 a madzi. Injini ikawira musatsegule chivindikiro cha radiyeta mpaka itazizira. Ngati nthawi ilipo, fikani pa Lizulu mugule kachewere, kabichi ndi karoti.

Ku Zomba samalani ndi chiyembekezo chanu. Pamwamba pa phiri pali paini wambiri, amene sasintha mtundu, choncho kufiira mukuone m'mbali mwa msewu pokwera. Chomwe chimabweza mtengo wa mafuta kumeneko ndi sitiroberi amene amagulitsidwa m'mphepete mwa msewu nyengo yomweyi. Pogula pemphani kuti akukhuthulireni m'mbale ina muone apansi, chifukwa akuluakulu amaikidwa pamwamba. Musawatsuke kufikira nthawi yodya, ndipo musawaike m'buti kapena m'jumbo yomanga. Kutentha kwa Seputembala kumawasandutsa phala musanafike n'komwe pa Liwonde.