Turbo yachitatu chaka chino, ati wolakwa ndine

Ndikulemba izi nditakhala pa chigubu m'galaja ina ku Booysens, manja ali bii ndi oilo, Hilux yanga ili yasaa kukamwa ngati ng'ona yoothera dzuwa. Chaka sichinathe koma turbo yachitatu, kachipangizo kopopera mpweya mu injini, yagona. Ndalama zimene zalowa m'kachitsulo kameneka bwenzi nditafolera nyumba yanga ya ku Lunzu, imene mpaka lero mukumera chisoso.

Ntchito yanga ena mukuidziwa. Ndimatuta katundu wa anthu kuchoka kuno ku Joni kupita kwathu: mafiriji, mabedi, njinga, zikwama zamizeremizere zija, zonse pa Hilux ya 3.0 D-4D ndi ngolo kumbuyo. Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, mpaka Blantyre, makilomita opitirira 1,700 ulendo umodzi. Injini imeneyi inabadwa ndi mphamvu za 120 kW ndi 343 Nm, ndipo inkandikwanira, mpaka mnzanga wina anandinong'oneza kuti ndiikitse chip, kachipangizo ka kompyuta koonjezera mphamvu ya injini. Kunena zoona galimoto inadzuka, zitunda za ku Louis Trichardt ndinkakwera ndikuimba mluzu. Chimene palibe anandiuza n'chakuti chip imathira dizilo wochuluka, dizilo wochuluka amafuna mpweya wochuluka, ndipo wosenza goli lonselo ndi turbo. Onjezani kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, pamene mpweya ndi wopepuka, turbo imayenera kuzungulira mopitirira kuti ipopere zofanana ndi kunyanja. Kenako uitsitsire mu ng'anjo ya Tete, kumene madigiri 40 si nkhani.

Yoyamba inafera pa chitunda chochoka ku Moatize kulowera ku Zobue. Inayamba kulira ngati galimoto ya apolisi, kumbuyo utsi tolotolo, mphamvu zii. Masiku atatu ndinagona pansi pa ngolo, foni ikungolira: “Achimwene, firiji yanga ili pati?” Palibe anafunsa ngati ndadya.

Yachiwiri ndinadzipusitsa ndekha, ndivomere. Ndinaiona pa Facebook, mtengo theka la wa kusitolo, wogulitsa akulumbira kuti ndi orijino yochotsedwa pa galimoto ya ngozi. Tinakumana pomwetsera mafuta ku Rosettenville, ndalama m'manja, katundu m'manja, lisiti ng'o. Inakhala masabata asanu ndi limodzi. Nditamuimbira ndinapeza wanditseka kale. Dziko lino lili ndi lamulo la ogula, Consumer Protection Act la 2008, limene limapatsa munthu miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wowonongeka, koma limagwira wamalonda weniweni, osati mthunzi wa pa Facebook wopanda ngakhale dzina.

Koma yandipweteka mtima ndi yachitatuyi, chifukwa apa ndinati ndichite zaulemu. Ndinapita kumalo aukhondo, matailosi pansi, khofi waulere, galimoto zothamanga zili ndandanda. Mnyamata wa pamenepo dzina langa sanalifunse, ankangoti “Malawi”, ngati mmene amatiitanira tonse kuno. “Malawi, galimoto ya chip siifuna turbo yawamba, ikani hybrid.” Anandigwiritsa kawilo ka mkati mwa turbo yosinthidwayo, konyezimira, kotakata kuposa kakale, ati kosemedwa ku chitsulo chimodzi. Anaikweza galimoto pa makina oyezera mphamvu n'kundisindikizira pepala la mzere wokwera ngati phiri la Mulanje. Ine mano onse panja. Funso limodzi lokha sanandifunse: galimoto imeneyi imagwira ntchito yanji?

Turbo yaikulu imachedwa kudzuka, abale anga. Imafuna utsi wambiri wa ekizozi kuti iyambe kupopa, ndiye mphamvu zake zili kumtunda, pamene injini ikukuwa. Ine kumeneko ndikatani? Moyo wanga uli pamene injini ikuzungulira maulendo 1,500 mpaka 2,500 pa mphindi, ngolo yodzaza kumbuyo, kunyamuka pachitunda, kukwawa pamzere wa pa Beitbridge. Pamenepo galimoto inasanduka nkhalamba. Ukaponda, dizilo walowa kale koma mpweya sunafike, ndiye utsi wakuda ndi kutentha basi, klatchi ikununkha. Ndinalipira R18,000 kuti ndigule mphamvu zimene zimabwera ine nditasintha kale giya.

Itafa patatha miyezi inayi, ndinabwerera ndi lisiti langa, ulendo uno ndili nalo. Ati waranti inafa chifukwa galimoto ili ndi chip. Chip imene iye mwini anaiona, naikonzanso ndi kompyuta yake! Ndikuti nditsutse, ati komanso mwaitulutsa kunja kwa dziko, sitidziwa dizilo amene mumamwetsa kwanuko. Mawu oti “kwanuko” anawatchula ngati akulavula. Ndikudziwa kuti kuli ofesi yodandaulirako nkhani za magalimoto, Motor Industry Ombudsman, ndipo ena amathandizidwa. Koma munthu chiphaso chako chatsala miyezi iwiri, katundu wa anthu ali mbwee m'chipinda, udikira makalata kapena ufuna pogwira? Iwo amadziwa kuti mlendo sakhalitsa pamlandu. Ndi chifukwa chake mtengo wathu umakhala wina, waranti yathunso ina.

Amene wanditsegula maso ndi mdala wa galaja ino, wa ku Angonia, Chichewa chake chokoma kuposa changa. Turbo sanaiyang'ane n'komwe. “Mwana wanga, mbuzi zitatu zikafera pa khola limodzi sufunsa mbuzi.” Analowa pansi, namasula sampu, chibeseni cha oilo cha pansi pa injini, n'kundiitana kuti ndidzaone ndekha. Kasefa kamene pampu imakokera oilo kanali katamatidwa ndi zinthu zakuda zolimba ngati makala osinja, pongotsala kabowo kolowa njere ya chimanga. Anandifotokozera kuti matenda a injini zimenezi ndi timawashala ta pansi pa manozo othira dizilo mu injini: tikatopa, utsi umathawira mu oilo, oilo amaundana, kasefa kamatseka. Anadula kapaipi kopititsa oilo ku turbo n'kundionetsa mkati, njira yatsala ngati ya singano. Chitsulo chozungulira kupitirira maulendo 150,000 pa mphindi, choyandama pa oilo wopyapyala ngati tsamba la anyezi, ine n'kumachimana oiloyo. Zonse zitatu zinafa ndi ludzu. Amakaniko atatu anamasula ndi kumanga pa kapaipi komweko, palibe anakapemerera. Timawashalato mtengo wake sufika ngakhale pa dizilo wa kuchoka pano kukafika ku Polokwane.

Tsopano tikubwezera ya msinkhu wake weniweni, yoyezedwa bwino pa makina, lisiti lolembedwa dzina langa lenileni. Kapaipi katsopano, intercooler (yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo) yotsukidwa kuti tizidutswa ta yakufayo tisamezedwe, chip yabwezedwa pansi, ndi kawotchi koonetsa kutentha kwa ekizozi. Mdala akuti singano ikayandikira madigiri 700 ndizichotsa phazi ndi kutsitsa giya, ndipo ndikaima pambuyo pa chitunda injini izilira kaye mphindi ziwiri ndisanazimitse.

Kumudzi zonsezi sazimva. Dzulo mng'ono wanga watumiza uthenga: “Achimwene, inu a galimoto ku Joni, fizi ya ana ikuvutani bwanji?” Ndamutumizira chithunzi cha sampu, wayankha ndi kankhope koseka.

Kapaipi akuti kafika mawa. Hybrid ija ili apa m'katoni, kawilo kake kakunyezimirabe ngakhale mkati munatha. Mnyamata wothandiza mdala wandiuza kuti ndiitsuke ndi petulo, ndiike pa Facebook, ndilembe kuti orijino, sipalephera Mmalawi wina woigula. Chithunzi ndajambula kale, chili m'foni chiyambire m'mawa, koma chala chikukana kudina.